Ndinakanirira mu Uvuni Womanga Ndekha

Mwa zinthu zonse zimene manja awiriwa amanga, zimene anthu a ku Mlare amakumbukira si makalasi kapena nyumba za aphunzitsi ayi. Amakumbukira uvuni wina umene sunaphikepo ngakhale sikono imodzi. Ana anga nkhaniyi amaimva kwa anthu ena, ndipo aliyense amaithira mchere wake, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake mano asanathe m'kamwa (otsalawo ndi owerengeka).

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Karonga ndinapita ndi kampani ina yomanga msewu, m'zaka zija za chipani chimodzi, ndili mnyamata wotuta njerwa ndi kukanya simenti. Pang'onopang'ono ndinayamba kugwira mpeni womangira, mpaka ndinakhoza mayeso oyamba a umisiri, aja tinkati tiredi tesiti, giredi fili. Komweko ndinapezanso china choposa pepala: a NyaKayira, amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi kampu yathu. Iwo ankaseka Chitumbuka changa, ine ndinkaseka Chichewa chawo, ndipo kusekana kumeneko kunakathera ku tchalitchi. Makolo awo anatipatsa malo kuseri kwa mudzi, tinamanga kanyumba, mwana wathu woyamba, Tiwonge, n'kubadwa.

Mavuto anayamba msewu utatsala pang'ono kutha. Kampani inkasamukira kutali, kummwera, ndipo akapitawo ananeneratu kuti kukampu yatsopanoyo safunako akazi ndi ana. Zinalipo ziwiri: kutsatira kampani n'kusiya banja, kapena kukhala pa Mlare n'kupeza chochita. Ntchito zinalipo ndithu, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi za m'masukulu, timilatho ting'onoting'ono, koma zinkaperekedwa kwa makontirakitala olembedwa ku Boma. Ndinapita kukafunsa. Kalaliki amene ndinamupeza kumeneko sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo, kuno sitilemba munthu chifukwa choti agogo ake ankamanga nkhokwe. Bwerani ndi giredi thuu, ndiye tikambe za laisensi."

Oyesa mayesowo ankachokera kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Ukawaphonya, unkadikira chaka china. Ndinalembetsa.

Tsono mnzanga wina wa kuntchito, a Sichali, amene anali atalowapo mayesowo (n'kulephera, koma zimenezi anandiuza mochedwa), anandinong'oneza kuti oyesawo amakonda chinthu chimodzi: khomo lopindika ngati uta, lija amisiri timati atchi. Ine atchi ndinali ndisanamangepo chibadwire. Ndinayamba kuyeserera pabwalo ndi njerwa ndi matope. Ndikamanga, n'kuchotsa thabwa lochirikiza, zonse gumu! Ndikamanganso, gumu! Nkhuku zathu zinafika pozolowera, sizinkathawanso.

Madzulo ndikaweruka, a NyaKayira ankakhala pampando, levulo yanga yoyesera kuwongoka kwa khoma ili pamiyendo ngati ndodo ya aphunzitsi, n'kumandifunsa mafunso a mayeso. Theka la mafunsowo ankangopeka okha. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene njerwa ili ndi ngodya zinayi osati zisanu, ndipo nditalephera anandipatsa ziro. Kenako anayang'ana mulu wa njerwa zogumuka uja.

"Awiske Tiwonge," anatero (kumeneko mwamuna amatchulidwa choncho, kutanthauza bambo a Tiwonge), "m'malo momanga n'kugwetsa, kumanga n'kugwetsa, bwanji osandimangira uvuni? Khomo lake si lopindika lomwelo?"

Uvuni anali ataulakalaka kuyambira kale. Ankafuna kusiya zitumbuwa n'kuyamba masikono, poti pa Mlare ponse panalibe wowaphika, ankachita kubwera pa basi atauma kale. Sanandiumirizepo. Ankangoti akadutsa pamene pali lata labwino lophikira, maso n'kutsalira pomwepo. Ndinachita manyazi kuti maganizo amenewa sanayambe kubwera m'mutu mwanga.

Ndinaika maziko ozungulira, ndinayeza lata lawo lophikira, n'kumanga khomo molingana ndi latalo. Nditachotsa thabwa lochirikiza, ndinatseka maso kudikira phokoso. Zii. Atchi inaima! A NyaKayira anaimba nthungululu, Tiwonge kumsana n'kudzidzimuka. Ine ndinaizungulira atchi ija ngati munthu amene wagula ng'ombe.

Chinatsala ndi denga lobulungira lija la uvuni. Tsiku lomanga dengalo, mayeso anali mawa lake, ndipo ndinayenera kukwera basi ya masana kuti ndikagone ku Boma. Munthu wanzeru akanasiya ntchitoyo mpaka atabwerako. Koma ine ndinkafuna kuti ndizinyamuka nditawasiyira mayi uvuni wathunthu. Ndinadzuka m'mamawa, n'kulumpha khoma limene linali lolekeza m'mawondo, n'kuima mkati. Ndinaganiza kuti mkatimo ndi mmene ndingaone bwino kupindika kwa denga. Iwo ankandipatsira njerwa ndi matope ali kunja.

Mizere inayamba kukwera, uku ikupendekera mkati mondizungulira. Itafika m'chiuno, a NyaKayira anaima, njerwa ili m'manja.

"Awiske Tiwonge, kasi mutulukira poti?"

"Mayi, mmisiri akamagwira ntchito safunsidwa mafunso. Patseni njerwa."

"Ine ndangofunsa waka."

Kunena zoona, ndinali ndi maganizo otulukira pamwamba mpata usanachepe. Koma ntchito ikamakoma imaledzeretsa. Mzere uliwonse ndinkati, ndiike umodzi wokha, kenako ndituluke. Ndinagwada kuti ndione bwino. Kenako ndinakhala pansi. Njerwa zinkagwirana ngati zamvana, manja ankayenda okha, ndinayamba ndi kuimba mluzu. Pamene ndinkakweza maso, mpata wa pamwamba unali utatsala ngati mbale ya ndiwo, ndipo m'mbalemo munali nkhope ya akazi anga.

"Sono?" anafunsa.

"Nanga khomo ndinamangiranji?" ndinayankha modzitama.

Ndinagona chafufumimba n'kukwawira kukhomo. Mutu unatuluka bwinobwino. Mapewa anakana. Ndinabwerera, n'kuyesa chammbali. Anakananso. Ndinatembenuka (mu uvuni kutembenuka si masewera) kuti nditsogoze miyendo. Miyendo inatuluka, koma kumene imathera miyendoko kunakana kwamtuwagalu. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti khomo lija ndinayeza lata. Ine mwini wake sindinadziyeze.

Kunja ndinamva kamawu ngati munthu akutsamwa. Anali akazi anga, akuluma chitenje kuti asaseke.

"Mwina ndi malaya akukukolani. Vulani."

Ndinavula n'kuwapatsira. Choyamba chimene anachita ndi kuchotsa khadi la chipani m'thumba n'kukalisunga m'nyumba (masiku amenewo munthu ukanatha kukanirira mu uvuni, koma khadi liyenera kukhala pabwino). Pobwera anali ndi botolo la mawese, mafuta ofiira aja a kanjedza amene anthu a ku Karonga amaphikira. Anali atawasunga kuti adzaphikire alendo.

"Dzolani chomene, makamaka m'mapewa."

Ndinadzola. Kutentha kwa ku Karonga mukukudziwa, ndiye muonjezepo kukhala mu uvuni, utadzola mafuta. Chinatsala ndi anyezi basi.

Ndinatsogoza mkono wamanja, kenako mutu, n'kutulutsa mpweya wonse m'chifuwa. A NyaKayira anagwira mkonowo n'kukoka, ine ndikupalasa ndi miyendo mkati. Phewa limodzi linatuluka, tonse tinakuwa mokondwa. Ndinakoka mpweya kuti ndipume, ndipo chifuwa chinadzaza khomo lonse, thi! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mutu, phewa ndi mkono umodzi zinali pabwalo, zina zonse zinali mu uvuni.

Galu wa a neba anamva fungo la mafuta. Anabwera mwaulemu, n'kuyamba kundinyambita kukhwapa. Ine kukhwapa sindifuna kukhudzidwa. Ndinayamba kuseka ndisakufuna, ndipo ndikaseka njerwa zinkandidya m'nthiti. A NyaKayira anathamangitsa galuyo ndi tsache, iwonso akuseka mpaka kugwira pamimba. Koma atabwerera n'kundiyang'ana kumaso, kuseka kunatha. Mpweya unkalowa pang'onopang'ono ngati ndikupumira mu bango, ndipo dzuwa linali litandilunjika pamutu.

Anagwada, n'kundipukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndigumula," anatero.

"Ayi! Atchi yanga yoyamba imeneyi. Komanso uvuni wanu. Ingondikokaninso."

"Mkono uzuka."

"Uzuke, koma musagumule."

Tili mkati mokangana chonchi, tinamva mawu kumpanda.

"Odi!"

Mtima wanga unagwera mu uvuni momwemo. Anali apongozi anga aakazi.

Muyenera kumvetsa. Chikwatirire mwana wawo, ine ndi mayi amenewa tinali tisanayandikanepo. Ndikawaona panjira ndinkapatuka, n'kugwada chapatali, n'kuwapatsa moni ndikuomba m'manja, maso ali pansi. Anali asanandionepo ndikudya, ndiye kuli bwanji wopanda malaya. Tsiku limeneli anabwera ndi dengu pamutu, muli mpunga wophika ndi nkhuku, kamba woti mkamwini wawo akadye ku mayeso. Ndiye anandipeza theka, wofiira ngati nsomba yokazinga, nditagona pafupi ndi mapazi awo.

Anaima. Anayang'ana mtengo wa mango kwa nthawi ndithu, ngati akuwerenga masamba. Kenako anatula dengu, n'kukhala pansi atandifulatira, miyendo atawongola bwinobwino.

"Monire, akweni," anatero. Ndiwo moni wa kwa mkamwini.

Kuomba m'manja kumafuna manja awiri, ine panja ndinali ndi limodzi. Ndinamenya pansi, phaphapha, fumbi n'kundilowa m'mphuno.

"Yewo, amama."

"Mwatandala uli?" Ankandifunsa mmene ndaswerera.

"Natandala makora," ndinatero, kuti ndaswera bwino. Nanga ndikanati chiyani?

Sanathamange. Anafunsa ngati ku Dedza kwabwera uthenga, ngati mayi anga anachira mwendo, ngati kuntchito akapitawo ali bwino. Ndinayankha zonse mwa dongosolo, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi. Chimene ndinkaona ndi msana wawo wokha, ndipo mapewa awo ankagwedezeka pang'onopang'ono. Mawu okha sanagwedezeke ngakhale kamodzi.

Atamaliza moni, anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchipereka chakumbuyo kwa mwana wawo osacheuka. A NyaKayira anandifunditsa. Mthunzi wa chitenje chimenecho sindidzauiwala. Chinkanunkhira utsi ndi sopo, ndipo m'kati mwake ndinamva maso anga akutentha. Mayi uja sanandiseke, sanandifunse kuti zakhala bwanji. Anangobisa manyazi anga ndi nsalu ya pathupi pake.

Kenako analankhula ndi mwana wawo m'Chitumbuka chothamanga, koma liwu loti kuphwanya ndinalimva. A NyaKayira analowetsa mutu m'chitenje muja, mphumi yawo n'kugunda yanga. Maso awo anali atanyowa.

"Awiske Tiwonge, tamverani. Njerwa tiumba zina. Nanga inu ndikakuumbani kuti?"

Chapatali, kumsewu, basi ya ku Boma inaliza hutala, n'kudutsa.

"Musayambire pakhomo," ndinatero potsiriza, "denga lingandigwere pamsana. Yambani pamwamba, muzichotsa mzere umodziumodzi mozungulira."

A NyaKayira anagoneka Tiwonge pamthunzi, n'kukwera pamtondo. Matope anali asanaume, ndiye njerwa zinkazuka mosavuta. Ndinkamva imodzi ikachoka, kenako mapazi ena akuyenda. Nditasuzumira kunsi kwa chitenje ndinaona mapazi a apongozi, akulandira njerwa kwa mwana wawo n'kukaziika pambali. Ankayenda chammbali ngati nkhanu kuti nkhope isaloze kumene kunali ine. Mayi wachikulire, wodwaladwala msana, ankanyamula njerwa dzuwa lili paliwombo kuti mwana wa eni, wochokera ku Dedza, apume bwino.

Mphepo inayamba kundiomba kumiyendo. Denga linatha, inatsala atchi yokha, itandikwera pamsana ngati goli.

"Tsopano njerwa ya pakatiyo, imene yakhoma zinzake," ndinatero. "Ikokereni m'mwamba."

Inavuta. Inali itagwira zolimba (ndinanyadira pang'ono, ndisaname). A NyaKayira anaigwedeza ndi mpeni womangira mpaka inazuka, zinzake n'kugwera m'mbali. Mpweya unalowa m'chifuwa wonse nthawi imodzi. Ndinakwawa n'kutuluka, ndinadzikulunga chitenje chija ngati namwali, n'kugwada kuti ndithokoze. Apongozi anali atafika kale kumpanda. Anangoti, "Yendani makora ku mayeso," akuyang'anabe kutsogolo, n'kumapita.

Popeza basi inali itandisiya, m'mawa mwake ndinabwereka njinga ya apongozi aamuna. Ndinali nditasamba ndi sopo mobwerezabwereza, koma mawese satuluka msanga pakhungu, ndipo thukuta la panjinga linawadzutsanso. Titaima pamzere pamalo a mayeso, woyesa wathu, bambo wamfupi wa magalasi wochokera kummwera, anayamba kununkhiza.

"Kodi mmodzi wa inu wabwera ndi ndiwo m'thumba?"

Aliyense anayang'ana mnzake. Inenso ndinayang'ana mnzanga.

Anatigawira ntchito. Ndinadikira kumva za atchi. Panalibe. Anatiuza kumanga ngodya ya khoma ndi chipilala, zinthu zimene ndinkamanga tsiku ndi tsiku kukampani ndikucheza. Koma phewa lija lokokedwa linali litatupa, mkono sunkakwera kupitirira pachifuwa, ndipo njerwa iliyonse ndinkainyamula ngati thumba la chimanga. Nthawi inatha anzanga akutsuka zipangizo, ine khoma lili pakati.

Bambo uja anaika levulo pa ntchito yanga, n'kuyang'ana, n'kuikanso mbali ina.

"Nchowongoka. Nanga bwanji simunamalize? Mkonowo mwatani?"

Ndinaganiza zonama kuti ndinagwa panjinga. Koma ndinali nditatopa, ndiye ndinangowafotokozera zonse, ndi za galu zomwe. Anavula magalasi. Anakhala pa mulu wa njerwa. Anaseka mpaka kutsokomola, anthu ena n'kubwera kudzaona ngati akomoka.

"Pepani bambo," anatero akupukuta misozi, "pepala sindingakupatseni, khoma silinathe. Koma imvani. Uvuni amaunjika mchenga wonyowa, n'kuuumba mobulungira, n'kumanga njerwa pamwamba pake muli kunja. Zikauma, mchenga uja mumaufukula kudzera pakhomo. Mchenga ulibe mapewa."

Ulendo wobwerera njinga ndinkangoikankha m'malo ambiri. Ndinkaganiza za lole ya kampani imene inkanyamuka posachedwa, za Tiwonge amene akanayamba kuyenda ine kulibe, za uvuni umene ndinalonjeza n'kuusandutsa bwinja. Ndinafika pakhomo mutu uli pansi.

Njerwa zonse ndinazipeza zitapalidwa matope, zitasanjidwa bwino pambali pa maziko. A NyaKayira anandiyang'ana kumaso, ndipo sanafunse za mayeso. Anandilandira njinga, n'kunditenthetsera madzi othowa phewa. Akundithowa choncho ndi pamene analankhula.

"Amama akuti musapite na kampani. Akuti munda wa vinangwa wa kudambo ndi waukulu, iwo okha sangaumalize."

"Ndalephera mayeso, mayi."

"Ndaona. Akutinso anyina Lusungu akufuna uvuni. Na anyina Wezi."

"Iwo amva bwanji?"

Anangokanikiza nsalu yotentha paphewa. Funso linali lopusa. Mlare yense anali atamva, ndipo si apongozi anaulula ayi. Kuseri kwa mpanda wathu kunkadutsa njira ya kuchitsime.

Lole ya kampani inapita popanda ine. Phewa litapola ndinamanganso uvuni wa kunyumba, pa mchenga, ndili kunja, ndipo masikono oyamba tinakapereka kwa apongozi. Kenako ndinamangira amayi aja. Ena ankandiitana chifukwa ankafunadi uvuni, ena ankangofuna kuona nkhope ya munthu wake, koma onse ankandipatsa ntchito. Ndikamayamba kumanga, pankapezeka wina wondifunsa mwaulemu ngati akonzeretu mawese. Chaka chimenecho tinadya za uvuni ndi chinangwa, ndipo sitinagone ndi njala. Oyesa atabweranso ndinakhoza giredi thuu, laisensi n'kutuluka pambuyo pake. (Atchi sanafunsenso. A Sichali ndinawakhululukira, koma zinatenga nthawi.)

Apongozi aakazi nkhaniyi sanaitchulepo, ngakhale kwa amuna awo. Zaka zinapita ndikuyesa kuti anaiiwala. Ndiye kunabwera tsiku limene a NyaKayira anali kuchipatala, pa mimba ya mwana wathu wachitatu. Zinavuta. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili pakhonde, anamwino akungodutsa osandiyang'ana. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, a Chichewa ndi a Chitumbuka omwe.

Kenako chitseko chinatseguka, apongozi n'kutuluka, nkhope yotopa. Sanandiyang'ane, monga mwa nthawi zonse. Anaima pafupi ndi mayi wina wosamudziwa amene anakhala pabenchi, n'kumuuza mokweza, m'Chichewa, chinenero chimene ndinali ndisanawamvepo akulankhula:

"Onse ali bwino. Mwana ndi mwamuna, chimwana chachikulu. Ameneyu ndi wa bambo ake ndithu. Wakulira mkati, khomo osayeza."

Mayi wa pabenchi uja sanamvetse kanthu. Ine ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuseka mpaka misozi, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti misozi ya kuseka inathera pati, inayo n'kuyambira pati.

Achinyamata okonzekera mayeso a umisiri akabwera kudzandifunsa nzeru, ndimawauza kuti ayeze njerwa, ayeze khomo, koma ayambe adziyeza okha mapewa. Zimenezo ndinaphunzira. Chimene chikundivutabe ndi kuyankha funso la akazi anga pa nthawi imene alifunsa. Takalamba tonse, ndipo ndimayankhabe mochedwa.